Makolo anzanga, vundikirani migolo mvula isanayambe

Amayi ndi abambo, ndi inu agogo amene mukulera zidzukulu, ndikupempha kuti mumve za nthenda imene ambirife sitiitchula n'komwe, nthenda ya dengue. Kwathu kuno mwana akatentha thupi timangoti malungo. Koma dengue ili pafupi. Mu 2014 inabuka ku Pemba ndi ku Nampula m'dziko la Mozambique. Mu 2019 inagwira anthu oposa 6,000 ku Tanzania, ambiri a iwo mumzinda wa Dar es Salaam, kumene abale athu amakapikula katundu ku Kariakoo sabata ndi sabata. Mu 2023 inapha anthu oposa 700 ku Burkina Faso. Munthu angathe kuitenga pa ulendo, kudutsa pa Songwe ali gwa, n'kudzagona atafika pakhomo, pakuti zizindikiro zimaoneka patapita masiku 4 mpaka 10. Ndipo udzudzu wa mtundu wa Aedes, umene umaifalitsa, kuno uliko kale.

Udzudzu umenewu ndi wosiyana ndi wa malungo. Ndi wakuda, wa timizere toyera m'miyendo, ndipo umaluma kukuwala, makamaka m'mawa ndi madzulo dzuwa lisanalowe, ana ali m'kalasi kapena akusewera pabwalo. Neti ya usiku yapulumutsa ana athu ambiri, tisaisiye, koma apa payokha siikwanira. Udzudzuwu umakonda kuswana m'ziwiya zathu zomwe: mgolo wosavundikira, ndowa, tayala lakutha, chitini cha kuseri kwa bafa, chomwera nkhuku.

Chandilembetsa ndi zimene apeza akatswiri a masamu ndi ziwerengero. Iwo amatenga kaundula wa zipatala wa zaka zambiri, wonena kuti mwezi wakuti m'dera lakuti anadwala anthu angati, n'kumuyerekeza ndi kaundula wa zanyengo: mvula inagwa yochuluka bwanji, kunatentha motani. Kenako pa kompyuta amafufuza kuti nyengo ikasintha, pamapita nthawi yaitali bwanji odwala asanayambe kuchuluka. Amawerengeranso kuthithikana kwa anthu ndi kapezedwe ka madzi, kuti asanamizire mvula zimene zabwera ndi umphawi. Njirayo amayamba aiyesa pa zaka zimene zotsatira zake akuzidziwa kale, ndipo ikakhoza m'pamene amalosera nayo za kutsogolo. Si maula ayi. Sanena kuti mwana wa uje adwala. Amanena kuti chiopsezo cha mliri m'dera lino miyezi ikudzayi n'chachikulu kapena n'chochepa. Nthawi zina amaphonya, koma chenjezo lotere limapatsa anthu mpata wokonzeka.

Mu 2014, mpira wa World Cup usanayambe ku Brazil, mayi Rachel Lowe ndi anzawo analosera za dengue m'madera 553 a dzikolo kutatsala miyezi itatu, n'kuchenjeza makamaka za mizinda ya Recife, Fortaleza ndi Natal. Mayi omwewa chaka cha 2013 anatulutsa kafukufuku wa nyengo ndi malungo m'Malawi muno pamodzi ndi katswiri wathu James Chirombo, choncho masamu amenewa si a kunja kokha. Ku Vietnam, kuyambira 2019, a zaumoyo ali ndi njira yotchedwa D-MOSS imene imachenjeza za dengue kutatsala miyezi mpaka isanu ndi umodzi.

Pa kutentha, kafukufuku wa mu 2017 wotsogoleredwa ndi Erin Mordecai wa pa yunivesite ya Stanford anaonetsa kuti dengue imafala pakati pa madigiri 18 ndi 34, ndipo imafika pachimake pa 26 mpaka 29. Chifukwa chake n'chakuti kachilombo ka dengue kamafuna masiku 8 mpaka 12 m'thupi mwa udzudzu kuti kakhwime, ndipo kukafunda kamakhwima msanga udzudzuwo usanafe. Inu a ku Karonga, Salima, Mangochi ndi Chikwawa, kutentha kotere si kwachilendo kwa inu.

Koma chimene ndikufuna musunge mumtima ndi ichi. Tonse timadziwa kuti walira mvula walira matope, ndipo udzudzu timauyembekezera m'dzinja. Ziwerengero zaonetsa kuti chilala nachonso chimaitana dengue. Pa chilumba cha Barbados, kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti miliri imakonda kubuka kukachita chilala, kenako patapita miyezi ingapo n'kugwa mvula yambiri. Ku Brazil, wa mu 2021 anapeza kuti chiopsezo chimakwera mkati mwa miyezi itatu mvula ikagwa yoopsa, komanso patapita miyezi itatu mpaka isanu chilala chikachitika, makamaka m'mizinda ndi kumene madzi a m'mipopi amavuta. N'zomveka. Mpopi ukauma, mayi aliyense wanzeru amadzaza migolo, zigubu ndi ndowa kuti ana asagone osasamba. Sindikudzudzula aliyense, popanda madzi osunga banja silingakhale. Koma udzudzu waukazi umamata mazira ake m'mbali mwa chiwiya, pamwamba pang'ono pa madzi, ndipo mazirawo amakhala amoyo miyezi yambiri ngakhale ataumiratu. Madzi akangowakhudzanso amaswa, ndipo pakatha sabata imodzi kapena masiku khumi udzudzu wayamba kuuluka. Kumbukirani kuti mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Ndi mabanja angati amene chaka chimenecho anadalira madzi a m'migolo?

Ndiye pakati pa kusintha kwa nyengo ndi kudwala kwa mwana pamakhala masabata, mwina miyezi. Nthawi imeneyo ndi yanu, makolo. Katswiri angawerenge bwino chotani, sangabwere kudzavundikira mgolo wa pakhomo panu.

Sankhani tsiku limodzi pa sabata, kaya Loweruka pochapa. Khuthulani madzi otsala, ndipo musangotsukuluza: kwechani m'mbali mwa mgolo ndi burashi kapena chisaka kuti mazira achoke. Vundikirani zolimba, ngakhale ndi nsalu yomangidwa ndi mphira. Matayala booleni kapena muwadzaze dothi, mabeseni muwavundikize pansi. Tengani ana muzizungulira nawo nyumba, muwaonetse timphutsi ta udzudzu tovinavina m'madzi, kuti akationa kusukulu akauze aphunzitsi. Khanda logona masana ligone m'neti. Mukamva pa wailesi a zanyengo akulosera ng'amba kapena mvula yochuluka, musaganizire za kumunda kokha, ganiziraninso za ziwiya za madzi, ndipo nkhaniyi muikambe ndi anansi, poti udzudzu wa kuseri kwa mpanda umaluma mwana wanu yemwe.

Mwana akatentha thupi kwambiri, mutu ukuwawa, kuseri kwa maso kukupweteka, mafupa akuphwanya, mwina ndi totupa pakhungu, pitani naye kuchipatala. Akamuyeza malungo n'kusapezeka, musakagule LA ku golosale kuti mungoyesa. Uzani adokotala ngati wina pakhomo wabwera kumene kuchokera ku Tanzania kapena ku Mozambique. Mpatseni zakumwa zambiri ndi panado. Aspirin ndi ibuprofen ayi, chifukwa zimawonjezera kutaya magazi. Ndipo chonde mvetsani ichi: nthawi yoopsa kwambiri pa dengue ndi tsiku limodzi kapena awiri thupi litazizira, pamene ife timati wachira. Akayamba kumva m'mimba kupweteka kwambiri, kusanza kosalekeza, kutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, kufooka kapena kusakhazikika, musadikire kuti kuche. Mberekeni nthawi yomweyo, thamangani naye kuchipatala.