Nkhope ya ku Mars yatikwana, anzanga

Lachiwiri usiku, magetsi atazima ku hostelo, mnzathu wina anaponya chithunzi m'gulu la WhatsApp la kalasi yathu. Chinali chithunzi chakale, chakuda ndi choyera, choonetsa chinthu chonga nkhope ya munthu wogona chagada: maso, mphuno, pakamwa. Pansi pake panali uthenga woti nkhopeyi inasemedwa ndi zolengedwa za ku Mars, ndipo NASA yakhala ikubisa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Pasanathe mphindi khumi anthu anali atavomereza kale. Mkulu wina wa chaka chachinayi, amene pano akulemba kafukufuku wake womaliza, anati, "Azungu sangatiuze zoona." Nditayankha kuti ndi phiri chabe, anandiuza kuti vuto langa n'lakuti ndimangomeza chilichonse chochokera ku America.

Mawuwa andiwawa masiku atatu. Tsono tiyeni tione amene akungomeza zinthu osatafuna.

Chithunzicho n'chenicheni. Chinajambulidwa pa 25 July 1976 ndi chombo cha Viking 1, chomwe chinkazungulira Mars n'kumafufuza malo abwino oti chinzake, Viking 2, chikatere. Dera lake limatchedwa Cydonia. Chombocho chinali pamtunda wa makilomita oposa 1,800, ndipo kadontho kamodzi ka chithunzicho kankaimira malo a mamita pafupifupi 50 mbali zonse. Taganizani, bwalo lonse la mpira n'kungokwana timadontho tiwiri. Dzuwa linali litapendeka, mithunzi yatalika. Pachithunzi ponse pali timadontho takuda tobwera chifukwa choti uthenga wina unatayika panjira pochokera ku Mars, ndipo kamodzi mwa ito kanagwera pamene mphuno ikanakhala.

Nanga chithunzichi anatulutsa ndani? NASA yomweyo, patangopita masiku ochepa, ndipo inafotokoza kuti ndi mithunzi imene ikuchititsa thanthwe kuoneka ngati mutu wa munthu. Wobisa chinthu amachita kuitana atolankhani n'kuwagawira? Amene anaikometsa nkhaniyi ndi anthu ena pambuyo pake, monga Richard Hoagland, yemwe mu 1987 anatulutsa buku lakuti The Monuments of Mars. Nayenso ndi wa ku America, koma iyeyo ndiye mwamukhulupirira.

Chimene uthenga wa pa WhatsApp uja sunanene n'chakuti phirilo linajambulidwanso. Chombo cha Mars Global Surveyor chinalijambula pa 5 April 1998. Okhulupirira nkhope anadandaula kuti kunali mitambo, ndipo apa sananame, inali nyengo yozizira kumeneko. Pa 8 April 2001 chinajambulanso kunja kuli ngwee, kadontho kamodzi kakuimira mita imodzi ndi theka. Chinaoneka ndi phiri lafulati pamwamba, long'ambika ndi lokokoloka m'mbali. Mu 2006 chombo cha Mars Express cha mayiko a ku Ulaya, osati cha NASA, chinatulutsa zithunzi zake za malo omwewo. Phiri lomwelo. Aliyense amene anayang'anapo phiri la Mulanje dzuwa likulowa amadziwa kuti matanthwe amasanduka nkhalamba, ng'ombe, mayi wobereka mwana, koma kukacha amabwerera kukhala matanthwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri si nkhopeyo ayi. Ndi zimene tikuzitaya poikakamira. Kujambula dziko lina uli m'mwamba mwake ndi ntchito yovuta zedi, ndipo mbiri yake njokoma kuposa bodza lija. Mariner 9, chombo choyamba kuzungulira pulaneti lina, chinafika ku Mars mu November 1971 n'kupeza fumbi laphimba dziko lonse. Panalibe chooneka kupatula nsonga za mapiri anayi zotulukira pamwamba pa fumbilo. Asayansi anadikira milungu ingapo. Fumbi litakhazikika chinajambula zithunzi zoposa 7,000, kuphatikizapo Olympus Mons, phiri lotalika makilomita oposa 21 (Sapitwa wathu ndi mamita 3,002), ndi chigwa cha Valles Marineris cha makilomita pafupifupi 4,000 m'litali.

Lero kuli kamera yotchedwa HiRISE, yomwe ili pa chombo cha Mars Reconnaissance Orbiter chimene chinanyamuka mu August 2005 n'kufika mu March 2006. Imayendetsedwa ndi University of Arizona. Galasi lake n'la theka la mita, ndipo ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 300 imaona kadontho ka masentimita 25 mpaka 30, kutanthauza kuti mwala waukulu ngati tebulo la m'kalasi umaoneka. Sijambula kamodzi n'kamodzi ngati foni. Chombocho chimathamanga makilomita oposa 3 pa sekondi, ndiye kamerayo imatenga mzere umodzi umodzi pamene nthaka ikudutsa pansi pake, kompyuta n'kulumikiza mizereyo. Kenako uthengawo umatumizidwa pa wailesi n'kulandiridwa ndi madishi akuluakulu a ku Goldstone, Madrid ndi Canberra. Mu 2008 kamera imeneyi inajambula chombo cha Phoenix chikutsika ndi parachuti. Mu 2015 zithunzi zake zinathandiza kupeza Beagle 2, kachombo ka ku Britain komwe kanasowa mu December 2003, kali gone pamchenga mapiko ake ena osatambasuka. Kamera yoona zoterezi ingalephere kuona chipilala cha makilomita awiri?

Apa wina anena kuti zithunzi zimenezi amazikonza pa kompyuta. Eya, amazikonzadi, ndipo sindikana. HiRISE imaona kuwala kofiira, kobiriwira mosakanikirana ndi buluu, komanso kuwala kwa infrared komwe diso la munthu silikuona. Mitundu yambiri imene mumaiona, monga milu ya mchenga yabuluu ija, si mmene malowo angaonekere mutaimapo. Amaikokomeza dala kuti miyala yosiyana isiyanitsike. Koma zimenezi amazilemba poyera, ndipo zithunzi zosakonza zili pa intaneti mu Planetary Data System, zaulere kwa aliyense amene bandulo yake ingapirire. Mwa anthu onse anavomereza m'gulu muja, sindikukhulupirira kuti alipo anatsegulapo ngakhale chimodzi.

Sindikunenanso kuti asayansi salakwitsa. Percival Lowell anatha zaka akujambula ngalande za madzi zimene ankati akuziona pa Mars kudzera mu telesikopu yake ku Arizona, ndipo ngalandezo kulibe. Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha Lujendra Ojha, mnyamata wochokera ku Nepal. Ali wophunzira wa digiri yoyamba, ngati ife tomwe, ankayerekeza zithunzi za HiRISE za malo amodzi zojambulidwa nyengo zosiyana, ndipo anaona mizere yakuda yotsika m'mapiri nthawi yotentha n'kuzimiririka nthawi yozizira. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2011. Mu 2015 NASA inalengeza mokweza kuti mwina ndi madzi amchere akuyenda. Mu 2017 asayansi ena anayeza kutsetsereka kwa malowo n'kunena kuti zikufanana kwambiri ndi mchenga wouma ukugumuka. Taonani, NASA inatsutsidwa poyera, ndi anthu ogwiritsa ntchito zithunzi zake zomwe. Kukayikira kwa phindu n'kumeneko: umatenga chithunzi, umayeza, umaonetsa anzako pamene palakwika. Kwathu kuja kongonena kuti "akubisa" kulibe umboni umene ungakugwetse, chifukwa chithunzi chatsopano chilichonse chimangosanduka gawo la chiwembu. Ndiye timadzitcha ochenjera, chonsecho tangosankha kusagwira ntchito.

Ndikumvetsa kumene mtima wokayikira azungu umachokera. Mbiri yathu ili ndi zifukwa zokwanira. Koma munthu amene mawa adzayeza magazi kuchipatala, kuwerengetsa ndalama za boma kapena kuphunzitsa Fomu 4, ngati lero satha kufunsa kuti chithunzi chinajambulidwa liti, ndi kamera yanji, dzuwa lili pati, ameneyo ndimamuopa. Amene walephera mafunso amenewa pa phiri la ku Mars, akalandira uthenga wa mankhwala ochiza matenda onse kapena wa zotsatira za chisankho adzatani?

Kuyambira 2010 gulu la HiRISE lili ndi njira yotchedwa HiWish, yomwe munthu wamba amasankha malo pa mapu a Mars n'kupempha kuti ajambulidwe. Safunsa pasipoti. Amene akukhulupirira kuti ku Cydonia kuli mzinda wobisika, alembetse, asankhe malo, alembe chifukwa chake.

Ine ndinatumiza m'gulu muja chithunzi cha 2001 pambali pa cha 1976, ndi madeti ake. Anthu awiri anandilembera kumbali kuti sankadziwa kuti phirilo linajambulidwanso. Mkulu wa chaka chachinayi uja anayankha m'mawa mwake kuti nkhopeyo anaifufuta ndi Photoshop, ndipo anapatsidwa zala zam'mwamba zisanu.