Ankhoswe Asamangoti "Pirira"

Kwathu ku Mwanza, m'dera la Mfumu Yaikulu Kanduku, nyengo ya manachesi imabweretsa ndalama, koma m'nyumba zina imabweretsanso misozi. Ndili wamng'ono ndidamva mayi wina woyandikana nafe akukuwa usiku. Tchimo lake lidali kufunsa mwamuna wake komwe kudapita ndalama za manachesi omwe adavutikira limodzi. M'mawa ankhoswe adakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo mlandu wonse udathera m'mawu atatu: "Banja ndi kupirira."

Monga wophunzira za chiyankhulo, ndimadabwa ndi mneni ameneyu. "Pirira" timauza womenyedwa, osati womenya. Choncho mawu omwe amamveka ngati malangizo amakhala chigamulo, ndipo wolakwiridwa ndiye amasenza chilango.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse omwe adakwatiwapo adachitidwapo nkhanza ndi amuna awo. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lidakhazikitsidwa mu 2006, ndipo limalola khoti kuletsa wankhanza kuyandikira yemwe akumuzunza. Koma lamulo lili m'buku, pomwe chibakera chili m'nyumba.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi omwe amati ankhoswe ndi mafumu tingowataya. Mayi wakumudzi sangapeze ndalama ya kabaza pakati pa usiku kuti akafike kupolisi. Woyamba kumva kulira kwake ndi mnansi, nkhoswe kapena nyakwawa. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza adathetsa maukwati a ana mazanamazana pogwiritsa ntchito ufumu womwewu. Mwambo ukafuna umateteza.

Chofunika n'chakuti ankhoswe adziwe malire awo. Kusamvana pa ndalama kapena pa munda angathe kuweruza. Koma pomwe patuluka magazi, ntchito yawo ndi kuperekeza wovulalayo kuchipatala ndi ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, osati kumubwezera kuchipinda. Pabwalo la mfumu pazikhalanso amayi oweruza nawo, ndipo anankungwi ndi alangizi a kumpingo azilangiza mnyamata molimba monga momwe amalangizira mtsikana.

Ife a m'mudzi tidamva kukuwa kuja, koma tidati za m'banja salowerera. Mayi uja adapirira mpaka diso lake limodzi lidasiya kuona. Ankhoswe adalakwa, nafenso tidalakwa. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.