Mdani Si Lupanga, Mdani Ndi Njuga

Makolo ndi aphunzitsi ambiri akaona wachinyamata ataweramira foni, akumenyana ndi zilombo m'masewero a pakanema ojambulidwa ngati makatuni a ku Japan otchedwa anime, amafulumira kuweruza. Amati malupanga ndi nkhondo za m'masewerowo zimaononga khalidwe la mwana. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma chala chawo chikuloza polakwika. Choopsa chenicheni m'masewerowa ndi njuga imene yalowamo mwakachetechete itavala nkhope yokongola.

Poyamba, nkoyenera kuvomereza kuti masewerowa adayamba ngati luso lofotokoza nkhani. M'chaka cha 1986 kampani ya Enix idatulutsa Dragon Quest, sewero limene adalikonza Yuji Horii, ndipo zithunzi zake adajambula Akira Toriyama, mwini makatuni a Dragon Ball. Chaka chotsatira kampani ya Square idatulutsa Final Fantasy. M'masewero otere wosewera amatenga mbali ya mpangankhani wamkulu. Amayenda m'midzi, amacheza ndi anthu, amasankha anzake a paulendo, ndipo mphamvu zake zimakula akamagonjetsa zovuta. Final Fantasy VII, ya m'chaka cha 1997, imasimba za kampani yadyera ya Shinra imene ikuyamwa mphamvu ya moyo ya dziko kuti ipange magetsi. Mkati mwa nkhaniyo mtsikana Aerith amaphedwa, ndipo palibe chimene wosewera angachite kuti amuukitse. Sewero lophunzitsa kuipa kwa umbombo ndi kuwawa kwa imfa siliyenera kutchedwa chibwana.

Chofunika kuchizindikira ndi chakuti sewero la masiku amenewo linkagulidwa kamodzi. Linali ndi chiyambi, pakati ndi mathero monga buku la nkhani yaitali. Munthu akafika kumapeto ankalitseka nkukachita zina. Wolikonza ankapindula ngati nkhani yake yakoma, ndipo wogula ankadziwa mtengo asadatulutse ndalama.

Zinthu zidasintha pamene masewero adasamukira m'mafoni a m'manja. Ambiri a iwo tsopano amapezeka mwaulere, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Eni ake amapeza phindu kudzera m'njira yotchedwa gacha. Dzinali lidachokera ku makina a m'masitolo a ku Japan amene munthu amaponyamo ndalama yachitsulo nkupotokola chogwirira, kenaka mumagwa kachidole kamene sadasankhe yekha. M'sewero la gacha wosewera sagula mpangankhani amene wamukonda. Amagula mwayi wochita maere, nkumayembekezera kuti mwina amupeza.

Masamu ake ndi oyenera kuwalingalira mofatsa. Mu Fate/Grand Order, sewero la ku Japan la m'chaka cha 2015, mwayi wopeza mpangankhani wapamwamba kwambiri ndi umodzi pa maere 100. Mu Genshin Impact, limene lidatuluka mu 2020 kuchokera ku kampani ya miHoYo ya ku Shanghai m'dziko la China koma lojambulidwa motsanzira anime, mwayiwo umayambira pa 6 mwa maere 1,000. Sewerolo limalonjeza mphoto yaikulu pofika maere 90, komabe mphotoyo ikhoza kukhala mpangankhani wina, osati wofunidwayo. Chitsimikizo chenicheni chimafika pa maere 180. Kodi munthu wopereka ndalama osadziwa chimene alandire, nkumabwereza chifukwa choganiza kuti ulendo uno zitheka, akusiyana bwanji ndi wotchova njuga?

Oikira kumbuyo gacha amati palibe amene amakakamizidwa kulipira, ndipo ambiri amasewera osaononga ndi tambala yomwe. Zimenezi ndi zoona, komatu nsomba nayo sikakamizidwa kumeza nyambo. Masewerowa amakonzedwa mwaukatswiri kuti akope mtima. Mpangankhani watsopano amaikidwa pa maere kwa masabata owerengeka okha, kuti wosewera achite mantha kuti mwayi umupitirira. Ndalama zenizeni zimayamba zasinthidwa kukhala timiyala tonyezimira ta m'sewero, kotero wogula amaiwala kuti akumwaza chuma. Palinso timphatso ta tsiku ndi tsiku timene timachititsa munthu kudziona wotayika akapanda kutsegula sewerolo. Mutu wa wachinyamata mmodzi sungalimbane mosavuta ndi gulu la akatswiri olipidwa kuti apeze pamene pali kufooka kwake.

Ena amatsutsa kuti imeneyi si njuga popeza wopambana salandira ndalama. Mfundoyi ikungoonetsa kuti gacha ndi yoipa koposa. Wanjuga wamba amatha kubwerera kwawo ndi kena kake m'thumba tsiku lina, pamene wa gacha chimene wapata chimakhalabe m'makompyuta a eni sewero. Dragalia Lost, sewero la makampani a Nintendo ndi Cygames, lidayamba mu 2018 nkutsekedwa mu 2022. Onse amene adataya ndalama zawo pa maere a m'menemo adatsala chimanjamanja.

Maboma ena adaliona kale vutoli. Mu 2012 boma la Japan lenilenilo lidaletsa mtundu wina wa gacha umene unkafuna kuti wosewera asonkhanitse zinthu zingapo za pa maere kuti alandire mphoto yaikulu. Mu 2017 dziko la China lidalamula makampani kuti azilengeza poyera kukula kwa mwayi wopambana. Mu 2018 dziko la Belgium lidagamula kuti maere olipira a m'masewero ena ndi njuga. Mu 2025 kampani yofalitsa Genshin Impact idavomera kulipira madola 20 miliyoni ku United States, komanso kuleka kugulitsa maere kwa ana osakwana zaka 16 popanda chilolezo cha makolo. Ngati maiko olemera aona chifukwa chotetezera ana awo, wachinyamata wa ku Malawi amene foni yafika m'manja mwake asayese kuti msamphawo sungamukole. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho kholo lanzeru lisathamangire kulanda foni chifukwa chakuti laona lupanga pa galasi. Lifunse kaye ngati sewerolo lili ndi mathero, ndiponso ngati limapempha ndalama za maere. Wophunzira nayenso aziyesa sewero monga ayesera buku: ngati lamusiyira phunziro ndi nkhani yoikumbukira, nthawi yake sidapite pachabe. Koma ngati likumudzutsa pakati pa usiku kuti ayese mwayi, ndipo ndalama yogulira makope ndi sopo ikuthera m'timiyala tonyezimira, ameneyo wasiya kusewera. Akuseweretsedwa ndi anthu amene sadzawaona nkomwe, ndipo mayeso a Fomu 4 sadzamumvera chisoni.