Sadaledzere, ndi shuga

Sabata yatha msuweni wanga wa ku Rimuka, ku Kadoma, adagwa ndi njinga pamsewu wopita ku Chegutu. Thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, lilime litalemera. Odutsa ankangoseka: "Mowa wa m'mamawa umenewu!" Chonsecho munthuyo salawa n'dontho lomwe. Amadzibaya insulin kuyambira ali mnyamata, ndipo tsikulo adabaya pantchafu n'kupalasa atangomwa tiyi wopanda chotafunira. Mwayi wake ankatha kumeza, mayi wina wogulitsa zakumwa adamumwetsa Fanta.

Kuchipatala amati tizichita masewera olimbitsa thupi, bungwe la WHO limati mphindi 150 pa sabata. N'zoona ndithu: mnofu ukamagwira ntchito umayamwa shuga m'magazi, mtima umalimba, insulin imagwira bwino. Koma langizoli limamveka ngati la munthu wa muofesi. Ife adzukulu a anthu amene adachoka ku Nyasaland kudzakumba golide ku Cam and Motor ndi ku Dalny, kapena kudzawomba nsalu ku David Whitehead, mphindi 150 timazimaliza Lolemba dzuwa lisanafike paliwombo. Khasu, wilibala, zigubu za madzi, ngakhale gule wa Loweruka, palibe amene amazitcha masewera. N'chifukwa chake palibe amene amaziwerengera pokoka mankhwala m'jakisoni.

Thupi la munthu wopanda matenda a shuga limachepetsa lokha insulin ntchito ikakula. Ya m'jakisoni ilibe makutu, ikalowa yalowa, ndipo ntchafu yopalasa imaikoka msanga kuposa pamimba. Shuga akatsika kupitirira 3.9 pamafunika magalamu 15 a shuga pomwepo, timasupuni ta tiyi titatu kapena tinayi, osati kudikira nsima ipse. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti amathanso kutsika pakati pa usiku, khasu litapachikidwa kalekale.

Achibale ena akuti njingayo aigulitse, azikhala pakhonde. Ine ndakana. Gary Mabbutt adanyamula chikho cha FA Cup ndi Tottenham mu 1991 akudzibaya tsiku ndi tsiku. Ndamuuza msuweniyo kuti akafotokozere anamwino ntchito yake yeniyeni, mtunda ndi maola omwe, kuti akagwirizane za mlingo wa masiku olemetsa. Timapepala toyezera magazi n'tokwera mtengo, ndiye tizisonkherana. Masiwiti ndamumangirira kale m'kathumba pansi pa chishalo, bola ana asakatulukire.