Akadzuka pamphasa, khasu liyambe ladikira

Kuno kwathu ku Bundabunda kudwazika timakudziwa. Munthu akagwa pamphasa thupi likutentha, pakhomo sipasowa anthu. Wina amabwera ndi nkhuku, wina ndi chigubu cha munkoyo, amayi a kumpingo amadzapemphera n'kusiya sopo. Koma tsiku limene wodwalayo wadzuka, wasamba yekha, wakhala panja n'kumawothera dzuwa, tonse timati wachira. M'mawa mwake ndowa ikumudikira pakhomo. Mkuja ndi khasu.

Pa malungo chizolowezi chimenechi sichitipweteka kwenikweni. Munthu amamwa Coartem masiku atatu, sabata ikamatha ali kumunda. Cholakwika n'chakuti malungo tinawasandutsa muyeso wa matenda onse, moti aliyense amene sakuchira pa liwiro la malungo timayamba kumuyang'ana ndi diso lina.

Chandiyankhulitsa ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Giredi 11 amene anakulira kumayadi ku Lusaka. Zake zinayambira pakhosi. Kumeza malovu inali nkhondo. Kenako thupi linatentha, mutu ukuwawa, zikope zinatupa, anabere n'kutuluka m'khosi mbali zonse ziwiri mpaka kumbuyo. Anamuyeza malungo, sanapezeke. Anamuyeza HIV, sanapezeke nayo. Atamutenga magazi kuchipatala china chachikulu, adokotala anati ndi glandular fever, dzina limene mlongo wanga anachita kulilemba papepala kuti asaliiwale. Kutentha thupi kutatsika, pakhosi patapola, anamutumiza kumudzi kwa agogo ake kuti akapume. Apa ndi pamene nkhani inavuta, chifukwa mnyamata amene anatsika basi pamsewu wa Great East ankaoneka wabwinobwino. Ankadya nsima, ankaseka. Koma akangoti wayenda kupita kuchitsime n'kubwerera, masana onse ankathera mtulo.

Kachirombo koyambitsa nthendayi kamatchedwa Epstein-Barr, ndipo ngakhale dzinali ndi lachizungu, mbiri yake inayambira kuno ku Africa. Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala wa ku Ireland amene ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, analemba za khansa ina yotupitsa nsagwada za ana. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anakwera galimoto n'kuyendera zipatala za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kudutsa m'dziko lathu lino likali Northern Rhodesia komanso ku Nyasaland, kufunsa madera amene khansayo ikupezeka. Anaona kuti imakonda malo otentha, a mvula yambiri, komwenso malungo amasautsa. Tizidutswa ta zotupazo ankatitumiza ku London, ndipo mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kachirombo kamene kanali kasanadziwike. Zoti kachirombo komweko ndi kamene kamadwalitsa achinyamata glandular fever zinatsimikizika mu 1968 ku Philadelphia, pamene Werner ndi Gertrude Henle anayeza magazi a mtsikana wogwira ntchito mu labotale yawo atadwala nthendayi.

Mawu oti khansa asakuopseni. Mwa akuluakulu 100 alionse padziko lapansi, oposa 90 ali nako kachiromboka m'thupi, ndipo ambiri adzafa ndi ukalamba osadziwa n'komwe kuti anali nako. Inu amene mukuwerenga mwina muli nako, inenso chimodzimodzi. Kamayenda m'malovu. Kumudzi kuno mwana amakatenga akali kumsana: mayi walawa phala pasupuni yomweyo, azakhali amutafunira mtedza, kapu ndi imodzi pamtsuko. Pamsinkhu umenewo nthendayi imadutsa ngati kachimfine, nthawi zina osaoneka n'komwe, ndipo thupi limaphunzira kukagonjetsa. Amene amavutika ndi uja kanamuphonya ali mwana, n'kudzakumana nako ali mnyamata kapena mtsikana. N'chifukwa chake ku Ulaya ndi ku America nthendayi ndi yodziwika m'masukulu a sekondale ndi m'mayunivesite, pomwe kuno agogo athu sanaimvepo. Maganizo anga ndi akuti ana okulira m'nyumba za mpanda, aliyense ndi kapu yake ndi mbale yake, akamachuluka, dzina limeneli tizilimva kawirikawiri kuposa kale.

Azungu amaitchanso nthenda ya kupsompsonana. Agogo ake atamva zimenezi anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, iye n'kungoti zyoli. Ndinamuteteza, ndipo sindinaname: botolo la madzi lomwerana pabwalo la mpira kapena supuni yobwerekana kusukulu n'zokwanira. Komanso kuchokera tsiku lotenga kachiromboka kufika tsiku loyamba kudwala pamadutsa masabata 4 mpaka 6, ndiye kufufuza amene anakupatsira n'kutaya nthawi.

Mankhwala opha kachiromboka palibe. Ichi ndi chinthu chovuta kuchilandira kwa ife amene timaona kuti kubwerako kuchipatala ndi Panado yekha ndiye kuti sanatithandize. Ambiri zikatero amakhotera pakantemba kukagula makapisozi. Maantibayotiki amapha mabakiteriya, kachirombo ka mtundu uwu sakakhudza. Choipa china n'chakuti munthu wodwala glandular fever akamwa amoxicillin kapena ampicillin, kawirikawiri thupi limatuluka totupa tofiira toyabwa, pakhomo n'kuyamba kunena kuti ndi chikuku kapena kuti pali dzanja la munthu. Zimene zimathandiza ndi zosachititsa chidwi: madzi ambiri, Panado pa mlingo wake pochepetsa ululu ndi kutentha thupi, kuchukucha pakhosi ndi madzi ofunda othira mchere, phala ndi zakudya zina zosavuta kumeza. Ana asamapatsidwe aspirin. Mowa auleke kaye, chifukwa nthendayi imakhudzanso chiwindi, mwakuti ena maso amachita chikasu. Mnansi wina anatiuza kuti tikamusambitse kumadzi otentha a ku Chinyunyu. Kusamba madzi ofunda kumatsitsimula thupi, zimenezo sinditsutsa, koma kachirombo kali m'magazi sikatuluka ndi thukuta.

Pali chiwalo chimodzi chimene ndikufuna aliyense wosunga wodwala wotere achidziwe, ndicho kapamba. Amakhala kumanzere, kunsi kwa nthiti. Pa nthendayi, mwa odwala ambiri kapamba amatupa, ndipo akatupa sachedwa kung'ambika munthu akagundidwa pamimba, akagwa, kapena akadzikakamiza kunyamula cholemera. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika magazi amatayikira m'mimba mosaoneka kunja, ndipo chofunika ndi opaleshoni yamsangamsanga. Tsopano ganizirani mtunda wochokera m'midzi yathu ino kufika pamsewu wa phula, kenako kudikira galimoto yopita ku Chongwe kapena ku Lusaka. Madokotala amalangiza kuti kwa mwezi wathunthu, kapena kupitirira ngati kapamba akali wotupa, wodwala asasewere mpira, asalimbane ndi anzake, asanyamule zolemera. Mabuku a kunja akamanena zimenezi amaganiza za masewero a kusukulu. Kuno tikunena za thumba la fetereza la makilogalamu 50, za chigubu cha malita 20 pamutu, za matumba a makala omangidwa panjinga pokwera chitunda. Ululu waukulu wadzidzidzi kumanzere kwa mimba, makamaka ukamafika paphewa la kumanzere, munthu n'kumachita chizungulire, si wodikira kuti kuche. Chimodzimodzi ngati pakhosi patupa mpaka kulephera kumeza madzi kapena kupuma bwino.

Koma chimene chinatigawanitsa pakhomo sichinali kapamba ayi. Kunali kutopa. Kutentha thupi ndi zilonda zapakhosi zimatha pakadutsa masabata awiri mpaka anayi. Kufooka kumatsalira. Ena kumawatenga mwezi umodzi kapena iwiri, ena ochepa miyezi 6 ngakhale kupitirira. Ndipo ndi kutopa kosaoneka ndi maso: palibe bala, palibe chifuwa, palibe choti uloze.

"Iwe, dzuwa lafika pamutu ukali chigonere? Ife pamsinkhu wako tinkabwerako kudimba nthawi ino," agogo ake ankatero.

"Agogo, miyendo ikukana."

"Ikukana kumunda kokha? Nanga pa nsima manja sakana bwanji?"

Tsiku lina, pofuna kuchotsa manyazi, anatenga khasu n'kutsatira anzake kukasosa. Anagwira ntchito m'mawa wonse ngati munthu wabwino. Zotsatira zake anagona masiku otsatira osafuna ngakhale kuyankhula, pakhosi n'kuyambanso kukanda. Madzulo ena anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Amalume, kodi mwina ndine waulesidi?" Funso limeneli linandipweteka kuposa matenda akewo. Mwana amene thupi lake likulimbana ndi nthenda tinamufikitsa poyamba kudzikayikira yekha.

Ng'ombe yokoka ngolo ikadwala n'kuchira, palibe mlimi wanzeru amene amaimanga goli tsiku limene yayamba kudya msipu. Amaisiya ibwerere m'thupi, chifukwa akudziwa kuti akaifulumizitsa aitaya. Nzeru imeneyi tili nayo kale, koma timaigwiritsa ntchito kukhola kokha.

Agogowo sikuti analakwitsa zonse. Kugona tsiku lonse kwa masabata ambiri kumafooketsanso thupi, ndipo madokotala masiku ano salimbikitsa zimenezo. Chofunika ndi kuyenda pang'onopang'ono n'kumawonjezera. Tinagwirizana kuti m'mawa, mphamvu zikalipo, azitonola chimanga atakhala pansi, azidyetsa nkhuku, aziyenda kufika kumunda osanyamula kanthu. Masana azigona popanda womunena. Tsiku limene wadzuka ndi mphamvu asamalize zonse tsiku lomwelo, chifukwa msampha waukulu wa nthendayi uli pa tsiku labwino: umadziona ngati wachira, umalipira mawa lake. Sabata iliyonse tinkawonjezera kantchito kamodzi. Agogo atapatsidwa udindo woyang'anira ndondomekoyi anasintha, anakhala iwo olondera kuti mdzukulu wawo asakhudze ndowa.

Panalinso manong'onong'o. Mnyamata wochokera ku Lusaka, waonda, anabere m'khosi, akungogona: anthu a pachitsime anamaliza okha kuyeza. Miseche imeneyi ndi yoipa, komabe pali choona chimodzi chimene sitiyenera kuchithawa. Masabata oyamba munthu atangotenga HIV, zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za glandular fever: kutentha thupi, zilonda zapakhosi, anabere, kufooka. Ndiye anamwino akanena kuti tiyeze, sakukunyozani, akugwira ntchito yawo, ndipo akati mubwerenso tidzayeze kachiwiri, bwererani. Anabere amene sakuphwa pakapita masabata angapo, amene akukulirakulira kapena kuuma, makamaka munthu akamatuluka thukuta usiku, kutsokomola ndi kuonda, akhoza kukhala TB kapena matenda ena aakulu. Mwana wamng'ono akatupa nsagwada kapena mimba mofulumira, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala lero lomwe, chifukwa khansa ija anaifotokoza Burkitt imakula msanga koma imamva mankhwala ikapezeka msanga, ndipo ku Lusaka kuli madokotala ake kuchipatala cha UTH ndi ku Cancer Diseases Hospital. Dzina la glandular fever lisakhale pobisalira. Munthu asadzipatse yekha dzinali atakhala pakhonde. Alipatsidwe ndi amene amuyeza.

Ndikudziwa kuti mwana wa mlongo wanga anali ndi mwayi. Panalibe amene akanagona ndi njala chifukwa choti iye sanalime. Mnyamata wotentha makala, kapena mtsikana amene ali ndi khanda kumsana ndi munda womudikira, mukamuuza kuti apume mwezi wathunthu akhoza kukusekani. Kupuma kuli ndi mtengo wake, ndipo wosauka ndiye amaumva kwambiri. Koma anthu omwe aja amabwera ndi nkhuku ndi munkoyo sabata yoyamba alipo ndithu. Chimene ndikupempha n'chakuti ena mwa iwo asunge ulendo wawo, adzabwere sabata yachinayi, pamene pakhomo pakhala zii, adzatunge madzi, adzalime mizere ingapo, adzanyamule thumba la fetereza lija kuchokera kudepoti. Mipingo yathu ndi magulu a amayi amalemba mayina a odwala oti akawazonde. Alembenso mayina a amene akuchira.

Pobwerera kusukulu tinapempha kalata kuchipatala yofotokoza kuti mnyamatayu asachite nawo masewero ndi ntchito zamanja kufikira adokotala atamuonanso, komanso kuti akafooka masana aziloledwa kukapuma. Popanda pepala, mwana wooneka wathanzi amene akukana kutchetcha udzu amangolandira chilango. Maphunziro anatsalira ndithu, ndipo masamu akuchita kuthamangira anzake mpaka pano. Mpira anayambiranso adokotala atamugwira pamimba n'kunena kuti kapamba wabwerera m'malo mwake.