Wosula watsopano asayambire pa chitsulo cha njanji

Nyengo yokonza minda ikafika, anthu a ku Chileka ndi ku Lirangwe amakumbukira wosula. Khasu lathyoka pamsuka, nkhwangwa yabuntha, mpeni wosendera mbatata watha mpaka kutsala ngati singano. Zonsezi zimathera pachipala, pomwe mvukuto ukupuma ndipo makala ali psuu.

N'zosangalatsa kuona kuti achinyamata ena omwe sukulu inawakanika, kapena anamaliza Folomu 4 koma ntchito osaipeza, akufuna kuphunzira luso limeneli. Makolo ayenera kuwalimbikitsa. Kusula si ntchito yachilendo m'dziko muno. Zofukulidwa ku Nkope m'boma la Mangochi zimasonyeza kuti anthu ankasungunula chitsulo kuno zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo David Livingstone atafika kumapiri a m'mbali mwa Shire m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja ali ndi ng'anjo zawo, akusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni.

Koma mnyamata woyamba kusula amakumana ndi funso limodzi lisanakwane tsiku: kodi chitsulo chofiirachi achimenyera pati? Nyundo amabwereka, mbaniro amadzipangira, mvukuto amaulumikiza ndi gudumu la njinga. Posulira ndiye pamavuta. Ndipo yankho lomwe ambiri amathamangira, makamaka ku Lirangwe komwe sitima imadutsa pakhomo, ndi chidutswa cha njanji.

Apa mpofunika kunena mosapsatira. Njanji yochokera ku Blantyre kudzera ku Lunzu ndi Lirangwe kupita ku Balaka ndi Salima ili ndi mwini wake. Ngakhale chidutswa chomwe chagona m'tchire zaka khumi, chachita dzimbiri, si cha wotola. Amene amachigula kwa munthu wobwera nacho usiku chili m'thumba amalimbikitsa mchitidwe womasula zitsulo panjanji, mchitidwe womwe ungagwetse sitima yonyamula anthu omwewa, abale athu opita kumsika ndi matumba a makala ndi tomato. Malamulo a dziko lino amalanga wolandira katundu wakuba, osati wakuba yekha. Mnyamata angathe kuyamba bizinesi Lolemba, Lachisanu n'kukagona kupolisi.

Chodabwitsa n'chakuti njanjiyo si posulira pabwino monga momwe anthu amaitamira. Mita imodzi ya njanji yakale imalemera pafupifupi makilogalamu 30, kotero chidutswa chotalika masentimita 30 chimangokwana makilogalamu 9 kapena 10. Ukachigoneka monga chimagonera panjanji, pansi pa mutu wake pamakhala kakhosi kopyapyala. Nyundo ikatera, kakhosiko kamanjenjemera, mphamvu n'kuthera m'phokoso. Wosula amamenya kakhumi pomwe akanamenya kasanu, chitsulo n'kuzizira asanachiwongole, makala n'kumatha. Madzulo mkono uli zii, makutu akulira.

Chinsinsi cha posulira ndi kulemera komwe kuli pansi penipeni pa nyundo. Wosula mipeni safuna bwalo lalikulu. Malo otambalala pang'ono kuposa nkhope ya nyundo ndi okwanira, bola pansi pake pakhale chitsulo chokhachokha, chopanda mphako. N'chifukwa chake chidutswa cha ekiselo ya lole choimika chilili, kapena mutu wa nyundo yaikulu yoswera miyala wokwiriridwa theka m'chitsa, chimaposa njanji yogoneka. Makolo akale analibe zonsezi. Ankasulira pa mwala wolimba wosalala, ndipo makasu awo ankalima.

Pali msampha wina womwe umagwira makolo ofuna kuchitira mwana zabwino. M'masitolo ena a zipangizo mumapezeka zosulira zooneka ngati za m'mabuku, za nyanga kutsogolo, zopakidwa penti wowala. Zina mwa izo, makamaka zotsika mtengo, n'zachitsulo chongothira m'chikombole, mtundu umodzi ndi simbi yamakala. Chitsulo chotere chimafooka pansi pa nyundo: pamwamba pamachita maenje, m'mphepete mumagumuka, ndipo enje lililonse limadindika pa mpeni. Chimodzimodzi injini yakale ya galimoto, yomwe ambiri amaikonda poona kulemera kwake. M'kati mwake ndi mphako zokhazokha ndipo imasweka.

Kuyesa chitsulo sikufuna sukulu. Wogula anyamule kachitsulo kobulungira kochokera mu beringi ya galimoto, akagwetse kuchokera pa masentimita 30. Kakadumpha kupitirira masentimita 20, chitsulocho n'cholimba ndipo chizibwezera nyundo m'mwamba, kupeputsa mkono. Kakangoti phi n'kugudubuzika, achisiye. Achigogodenso pang'ono ndi nyundo malo angapo. Chitsulo chamoyo chimalira ngati belu, pomwe chong'aluka m'kati chimalira mosasa ngati mbale yosweka. Tupa nayo imanena zoona: pa chitsulo cholimba imaterereka, pa chofewa imaluma. Wogulitsa wokana kuti katundu wake ayesedwe wanena kale zomwe akubisa.

Za kulemera, makilogalamu 30 mpaka 50 ndi okwanira kwa wosula mipeni, zisenga ndi timakasu ndi nyundo ya kilogalamu imodzi. Koma chopepuka chomangidwa bwino chimaposa cholemera chogwedera. Chitsa cha mtengo wolimba chikumbiridwe pansi, chitsulo chikhomeredwe kuti chisasunthe, ndipo pamwamba pake pafike pa nkhonya ya wosula akaimirira mkono uli lende. Chikatsika kwambiri msana umapweteka, chikakwera nyundo imatera chammbali. M'mphepete mwakuthwa muyenera kupalidwa pang'ono, poti kachidutswa kothethekera kuchokera pa chitsulo cholimba kamauluka ngati chipolopolo. Magalasi oteteza maso ndi otsika mtengo kuposa ulendo wa kuchipatala cha maso ku Queen Elizabeth.

Mmera mpoyamba. Mnyamata wophunzirira pa chitsulo chogwedera amazolowera kumenya mwaukali m'malo momenya molunjika, ndipo chizolowezi chimenechi sichichoka msanga. Mipeni yake imatuluka yokhota, amayi pamsika wa Lunzu n'kuilambalala kukagula ya m'sitolo yochokera kunja, ngakhale aliyense akudziwa kuti mpeni wosulidwa bwino kuchokera ku sipuling'i ya galimoto umakhalitsa.

Bambo kapena malume wofuna kuthandiza mwana aperekeze mwanayo kwa ogulitsa zitsulo zakutha ku Ndirande kapena m'magalaja a malole, atenge wosula wamkulu wa m'mudzi kuti akathandize kusankha, ndipo apemphe lisiti. Kapepala kameneka n'komwe kadzayankhe tsiku lomwe apolisi adzafike pachipala kufunsa komwe chitsulo chinachokera.

Nawo akuluakulu ali ndi mbali yawo. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti litukule maphunziro a ntchito zamanja, ndi makoleji a m'madera omwe boma linayamba kutsegula mu 2015, asaiwale osula a pansi pa mtengo. Kuwotcherera zitsulo kumafuna magetsi, omwe midzi yambiri ya Blantyre ilibe, pomwe chipala chimangofuna makala ndi mkono. Ndipo ngati kampani yoyendetsa njanji ili ndi zitsulo zomwe zinatha ntchito, ingachite bwino kuzidula mamita ochepa n'kuzigulitsa poyera kwa magulu a osula, chilichonse ndi chikalata chake. Chidutswa cha theka la mita chogulidwa motero, chikaimikidwa chilili m'chitsa m'malo mochigoneka, chimaika makilogalamu 15 onse pansi pa nyundo, ndipo n'chokwanira kusulirapo mpeni.