PAMSIKA PANO: Geti lowala, ana akukhala pansi

Abale anzanga a pamsika, sabata ino ndili ndi dandaulo, koma ndiyamba ndi kudziloza chala ndekha.

Loweruka lapitali kunali msonkhano wa makolo pasukulu ya pulaimale yomwe mwana wanga wamkazi amaphunzira kuno ku Ndirande. Ine sindinapite. Ndinati Loweruka ndi tsiku la ndalama, ndingasiye bwanji matimati ali psuu pabenchi? Mayi wa bonya woyandikana nane sanapitenso, wa makala chimodzimodzi.

Lolemba mwana akubwera ndi uthenga. Ati msonkhano wagwirizana kuti ndalama za chitukuko chaka chino apentere ofesi ndi kumangira geti latsopano lolembedwa dzina la sukulu. Zimbudzi? Ati chaka chamawa. Madesiki? Ati tiona.

Nditafunsafunsa ndinamva kuti anapitako ndi akuluakulu a komiti ndi makolo owerengeka a mataye. Ena a m'komitimo ana awo amakwera galimoto m'mawa kupita ku sukulu za pulaiveti. Iwo akamadutsa pamsewu chomwe amaona ndi geti. Fungo la kuseri kwa Sitandade 3 siliwapeza.

Mzinda wa Blantyre ndi umodzi pa dzina pokha. Kuchoka pamsika wa Ndirande kukafika ku Nyambadwe ndi ulendo wapansi, koma ukafikako umangoti walowa dziko lina: mipanda yaitali, kapinga wothiriridwa, sukulu ya St Andrew's ili pomwepo. Sindikuchitira nsanje munthu ayi, aliyense amadya thukuta lake. Koma kuno mwana amanyamula thumba la feteleza kuti akakhalire m'kalasi, ndipo kalasi imodzi imatha kukhala ndi ana opitirira 100, pomwe boma lenilenilo linati mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60.

Achikulire mukukumbukira 1994, pomwe boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulaimale. Chinali chinthu chabwino zedi. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Koma makalasi sanaswane. Ana anaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito asanapite ku koleji. Amene anali ndi kangachepe anachotsa ana awo n'kuwapititsa ku pulaiveti. Pochoka anapita ndi mawu awo omwe. Bwana amene mwana wake sakhala pansi sangaimbe lamya ku khonsolo kudandaula za madesiki.

Chopweteka n'chakuti pa Sitandade 8 mwana wa ku pulaiveti ndi wathu wokhalira thumbayu amalemba mayeso amodzimodzi a MANEB. Wina athamange atavala nsapato, wina ali ndi minga kuphazi, kenako muziti wachiwiriyu ndi waulesi? Malo ku sekondale zogonera komweko ndi ochepa. Athu ambiri akachita mwayi ndi ku CDSS, ena amabwerera pabenchi pompano kudzatithandiza kuitanira makasitomala.

Tsono za zimbudzizi musazione ngati nkhani yochepa. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe, anthu anathawira m'sukulu, n'kumalimbirana zimbudzi zomwezo. Ndipo inu amayi mukudziwa kuti mtsikana akatha msinkhu, chimbudzi chopanda chitseko ndi madzi chimamujombetsa masiku angapo mwezi ndi mwezi. Wanga ali Sitandade 6. Geti limeneli limuthandiza chiyani?

Ndalamazitu si za a komiti. Kuchokera mu 1998 malamulo anapereka sukulu za pulaimale m'manja mwa makhonsolo, khonsolo yomweyo imene imatidulira tikiti tsiku ndi tsiku, tigulitse tisagulitse. Palinso thumba la CDF lomwe linayamba mu 2006. Wolipira ali ndi ufulu wofunsa.

Ndiye tichite izi. Tipemphe a hedi kuti misonkhano izichitika Lamulungu masana, msika utazizira. Akakana, tigawane: mmodzi alondere mabenchi atatu, awiri apite. Tikafika tifunse kuti zalowa zingati, zatuluka zingati, ndipo azimate pakhoma poti aliyense awerenge. Ife amene timawerengera phindu la mulu umodzi wa anyezi, masamu amenewa sangatikanike.

Ine Loweruka lija ndinapeza ya ndiwo, mwana wanga n'kuluza chimbudzi chaka chathunthu. Ulendo wina matimati aole, ndikakhala pabenchi yakutsogolo. Mayi a bonya, mwamva?